Moni wa Mapiko

"Ndi iyeyo! Lusungu, chitenje changa chofiira chili kuti?" Amama anandikuwira ali kale panja, opanda nsapato.

Mlongo wanga Brave, wondipondera pamutu, ankayendetsa kandege konyamula madokotala. Akamabwera ku Mzuzu, asanatere, ankatsika mpaka pafupi ndi denga lathu ku Nkhorongo n'kupendeketsa mapiko uku ndi uku. Umenewo unali moni wa Amama. Iwo ankayankha pokupiza chitenje, aneba akuonerera, ndipo sabata yonse sitinkapuma nawo matama.

Koma chaka chimene Brave anakhala kunja, Nkhorongo anasintha. Anthu anamanga nyumba zosanja zogonamo ana a ku yunivesite, ndipo kuseri kwathu kunadzuka nsanja yaitali ya mafoni. Atabwerako kunjako, tsiku loti mawa lake abwera ku Mzuzu, ndinamuimbira foni.

"Iwe, usadzadutsenso kuno, wamva? Kwasintha chomene."

"Asisi, kumeneko n'kumene ndinabadwira," anaseka. "Mukufuna Amama adzati ndayamba kunyada?"

Mwana wosamva uja!

M'mawa umenewo chifunga chinali chitakuta mitengo. Kandege tinkangokamva, kenaka kanatulukira, kali mmunsi kuposa masiku onse. Amama anakweza chitenje. Phiko lakumanzere linapendekeka, ndipo lisanawongoke linamenya nsanja ija. Phokoso lake silinali lalikulu ayi, linali ngati lata lagwa kuchokera padenga. Kandege kanazungulira kamodzi n'kukagwera kudambo. Ndinathamanga, koma ndinapeza moto utakolera kale. Ana asukulu anali ataima m'makonde, mafoni ali m'mwamba. Brave pamodzi ndi dokotala amene anamunyamula, palibe anatulukamo.

Pamaliro Amama sanalire. Anthu atabalalika anandiitanira kuchipinda n'kundigwira dzanja mwamphamvu.

"Iwe maso ako ngakuthwa. Undiuze zoona. Kodi anandiona?"

Ndikati eya, ndiye kuti ankayang'ana iwo m'malo moyang'ana kutsogolo. Ndikati ayi, ndiye kuti mwana wawo anafera moni umene sunafike. Brave ndinamukwiyira tsiku limenelo, ndipo mkwiyowo sunandithere.

"Kunali chifunga, Amama."

"Chifunga ndinachiona ndekha. Ndikufunsa za mwana wanga."

Papita zaka tsopano. Amama akalamba, ngakhale ine sandizindikiranso, amandiyesa mlendo. Ndikawapatsa tiyi amati "yewo" mwaulemu, kapu n'kuiika pansi osamwa. Akatero amasendera pafupi, n'kundinong'oneza ngati akuopa kuti Lusungu angamve.

"Pepani mayi, inu munalipo tsiku lija? Mwana wanga wamkazi amandibisira. Anandiona?"