Mwana Wosatumidwa

Kubafa kwathu kunkakhala sopo wapawiri. Wina anali wa ine ndi mwana wanga wobereka, Kaphokoso. Winayo anali wa Chete yekha.

Chete ndi kamtsikana kamene a ku ofesi yoona za ana anatipatsa kuti tilere, mayi ake atamwalira, achibale osapezeka. Dzinalo ndinamupatsa ndine, poti ankayenda m'nyumba ngati mphaka. Mwezi uliwonse boma limatumiza kangachepe pa foni yanga kothandizira kumulera, ndipo kangachepe kameneka ndi kamene kanandilanda anzanga.

Pampopi azimayi ankamutcha Waboma. Atelala a khomo loyandikana nafe, amene kale tinkabwerekana ayironi, ankati ena ana amabereka, ena amachita kulembedwa ntchito yolera. Ndikafika ndi ndowa, nkhani inkaduka. Bambo a Kaphokoso amayendetsa lole, kunyumba amangodutsako. Ndikawadandaulira pa foni ankati ndisamamvere za anthu, netiweki n'kuthawa.

Ndiye ndinatsimikiza kuti pasapezeke wondiloza chala. Chilichonse chogulidwa ndi ndalama za boma chinali ndi shelefu yakeyake: sopo, mafuta odzola, thaulo, kapu yabuluu, nsapato za kusukulu. Kaphokoso akagwira kapuyo ndinkamumenya kadzanja. Chete sindinkamukalipira. Sindinkamutuma ngakhale kukagula machesi pagolosale ya pamsewu, kuopa kuti wina angakanene ku ofesi kuti ndapeza wantchito waulere. Akatola tsache ndinkamulanda, n'kumuuza kuti akhale pansi apume. Wothamangathamanga anali Kaphokoso, wamng'ono kwa iye, amene ankabwerako ataiwala chimene ndamutuma, n'kulandira zake. Chete ankakhala pampando wa pakona, manja pamaondo, kumationerera tikukangana.

Mayi a ku ofesi anabwera kudzayendera masana ena, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Ndinawaonetsa shelefu ija, bedi loyala bwino, yunifolomu yosita. Anagwedeza mutu n'kupempha kuti ndiwasiye awiriwiri ndi mwanayo. Ndinakaima kukhitchini, kumakwecha poto wotsuka kale. Khoma lathu n'lopyapyala.

Anamufunsa ngati amakhuta, ngati amamenyedwa, ngati amagwiritsidwa ntchito. Zonse anayankha bwino, kamawu kake ngati ka udzudzu. Kenako anamufunsa za chikwama chimene anachiona pansi pa bedi, cholongedza kale, zipi yotseka. Ine chikwamacho ndinkachisuntha m'mawa uliwonse posesa. Ndinkangoti ndi mwana wosamala zinthu.

"Ndikudikira kuti mudzanditenge," anatero Chete.

"Bwanji, mwanawe? Sukufuna kukhala kuno?"

"Kuno ndine mlendo. Amayi amatuma mwana wawo yekha."

Beseni lotsukiramo linapendekeka, madzi n'kundinyowetsa mapazi.

Potsanzika, mayi aja anandiuza chapansipansi kuti pali banja lina la ana ambiri, ndipo akadzabweranso n'kupeza mwanayo asanazolowere, adzamusamutsira kumeneko. Sanandidzudzule. Anati pa nyumba zonse zimene amayendera, yanga ndiye yaukhondo, ndipo mawuwo anandibaya kuposa kutukwanidwa.

Ndinaimbira bambo a Kaphokoso. Foni inali yozima. Kuseri kwa khoma makina a atelala ankalira. Ndinafika mpaka pakhomo pawo, dzanja lili m'mwamba kuti ndigogode, n'kubwerera. Ndikanawauza chiyani? Kuti mwana wa malipiro uja ndikamuganizira akukwera galimoto ya ku ofesi, mtima wanga umakana?

Mchere unalimo m'chitini, wambiri ndithu. Ndinakankhira chitinicho kuseri kwa mapoto.

"Iwe Chete." Mawu anatuluka aukali kuposa mmene ndinkafunira. "Wakhaliranji pamenepo ngati bwana? Thamanga kugolosale ukagule mchere. Usachedwe."

Anacheuka kaye kuti aone ngati Kaphokoso waima kumbuyo kwake. Kaphokoso naye anayamba kulira kuti kugolosale n'kwake, Chete sakudziwako n'komwe. Koma Chete anali atatsomphola kale ndalama m'dzanja langa. Anatuluka wopanda nsapato. Za boma zija anazisiya pashelefu.

Ndinaima pawindo, kuseri kwa katani. Pampopi mitu yonse inatembenuka. Atelala anatuluka, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kunena mokweza kuti nane ndimve: "Taonani, amayi, Waboma wayamba ntchito lero." Nambala ya ku ofesi si yachinsinsi, aliyense wa iwo akanatha kuimba. Koma sindinamuitane kuti abwerere.

Anachedwa. Ndinaphula poto, ndinamubwezera pamoto, ndinapita kuwindo ndi kubwerako mpaka katani anathothoka mbali imodzi. Atatulukira, anali atapinda diresi kutsogolo, mchere uli mmenemo, pepala lake litang'ambika. Anati anapeza atsikana akudumpha chingwe ndipo anasowa womugwirira mcherewo.

"Manja akowa ndi obowoka? Ndinakutuma mchere kapena chingwe?"

Anayang'ana pansi monga amachitira mwana wokalipiridwa, koma milomo inkamukanika kutseka. Kaphokoso anamuuza monyadira kuti zimenezo n'zochepa, adikire tsiku limene adzaswe kapu.

Madzulo ndinawalowetsa kubafa onse awiri. Chete anatambasula dzanja n'kutenga sopo wathu, wopyapyala uja, wokhala ndi tsitsi la Kaphokoso. Anandiyang'ana. Ndinamuuza kuti afulumire, madzi akuzizira.

M'mawa posesa ndinakoka chikwama chija. Chinali cholongedzabe, koma zipi inali yotsegula, ndipo diresi lake lofiira munalibe. Linali pamulu wa zovala zakuda, losakanikirana ndi zathu. Ndinaunyamula mulu wonsewo kupita nawo kumpopi. Palibe anandipatsa moni. Ndinachapa ndekha kumapeto kwa simenti, zonse m'beseni limodzi, khutu lili ku msewu, kumvetsera galimoto ya ku ofesi.