Chingwe cha Phazi la Sepiso

Chaka cha 1984 nsapato zinkasowa m'masitolo a ku Nyimba ngati mmene ankasowera shuga ndi sopo. Ndiye mpingo wathu utalandira thumba la nsapato zovalidwapo kale zoti tigawire ana amasiye a kwa Nyalugwe pa Khirisimasi, tinachita kuvina. Akatekisiti athu, a Vitalis, anazungulira midzi pa njinga kuyeza phazi la mwana aliyense ndi kachingwe, n'kumangirirapo kapepala ka dzina. Ntchito yathu azimayi inali kupeza nsapato yolingana ndi chingwe, kuiika m'katoni pamodzi ndi kasopo, pensulo ndi maswiti awiri.

Kumapeto kwa benchi kunkakhala aphunzitsi a Mbumwae, mayi wa mtundu wa Alozi amene boma linawaponya kuno kuchokera kutali ku Mongu. Sankayankhula kwambiri, ndiye tinkati ngonyada. Ndivomere, pa miseche imeneyo ine Eneless ndinkatsogolera bwino lomwe.

Tinkadziwa kuti ali ndi mwana wamkazi, Sepiso, amene anamusiya ndi amayi awo zaka zitatu zapitazo. Tinkadziwanso kuti m'chikwama mwawo munali nsapato zofiira zatsopano. Mwezi wa Malichi amayi awo anawatumizira chingwe cha phazi la mwanayo m'kalata, ndipo aphunzitsiwo anayenda nacho miyezi isanu ndi itatu asanapeze nsapato ku Petauke, ataima pamzere tsiku lathunthu. Mphunzitsi mnzawo, a Mubita, ankapita ku Mongu Loweruka, ndipo ndi amene akanazitenga.

Lachisanu masana makatoni onse anali atadzaza kupatula imodzi. Chingwe cha mtsikana wina dzina lake Keziah chinasowa nsapato. M'thumba munatsala zazikuluzikulu zokha, zoti mwana angalowemo mapazi onse awiri. Tili mkati modandaula, a Vitalis analowa ndi makalata a ku positi, imodzi ya a Mbumwae. Aphunzitsiwo atatsegula, munagwa chingwe china.

Anatulutsa nsapato zofiira zija, n'kugoneka chingwe chatsopanocho pansi pa imodzi. Chinapitirira ndi zala ziwiri. Anayezanso kuyambira kuchidendene, ngati kuti chingwe chingasinthe maganizo.

"Amai Eneless, onani," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula dzina.

"Nanga si ndiye bwino, aphunzitsi? Mwana akula."

"Ni bwino," anayankha. "Koma ine sin'namuone pokula. Mapazi ya ana onse aba niyadziwa. Ya wanga niuzidwa na positi."

Ndinawerama, ine wa pakamwa posatseka. Manyazi anandigwira. Zaka zitatu munthu akudya yekha kuseri kwa sukulu, ife n'kumati kunyada.

Anatambasula dzanja n'kutenga chingwe cha Keziah. Chinalingana ndi nsapato yofiirayo ndendende. Anazipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo ngakhale zinalibe fumbi, anaziika m'katoni, anaikamo sopo ndi maswiti, n'kumanga. Kenako analemba dzina pakapepala ka pamwamba.

"Nanga mailo Loweruka a Mubita muzawapatsa chani?" ndinafunsa.

"Kalata chabe."

Anatsanzika mwaulemu n'kutuluka. Ndinawayang'ana pawindo akuwoloka msewu waukulu okhaokha, akukulunga chingwe chatsopano chija kuchala, kumasula, kukulunganso. Ndinafuna kuwaitana kuti adzadye nafe pa Khirisimasi, koma mawu anatuluka iwo atafika kale patali.

Lole yopita kwa Nyalugwe itafika, ndinayamba kunyamula makatoni, a Vitalis akuwerenga mayina. Pa katoni yomaliza anaima.

"Sepiso? Kulibe mwana wa dzina iyi pa mndandanda wanga."

Ndinawalanda katoniyo. Zinali zilembo zokongola za mphunzitsi, zoongoka bwino. Ndinatenga pensulo n'kulemba Keziah m'munsi mwake. Dzina la pamwambalo ndinayesa kulifuta, koma dzanja linakana.