Mano Atsopano a Amalume

Mgolo unali ukuzungulira kuyambira m'mawa. Gudu, gudu, gudu. M'kati mwake munali madzi, zidutswa za makapu osweka, miyala yoyera, ndi timipira tolimba tomwe tinkapera zonsezo mpaka kusanduka phala. Phala limeneli ndi lomwe ankapaka pa makapu asanalowe mu uvuni, kuti atuluke osalala ndi owala.

Wonena kuti phala lasalala anali mmodzi yekha, a Chigayo. Zaka makumi atatu ali pa mgolo womwewo. Sefa yoyesera phala ankaiseka. Iwo ankaviika chala, kupaka pa mano akutsogolo, n'kuluma pang'onopang'ono atatsinzina. Kakamveka kamchenga, mgolo upitirire. Kukakhala zii, uzimitsidwe.

Mwini fakitale anali mwana wa mlongo wawo, mayi wothamanga nthawi zonse, milomo yopaka zofiira. Pagulu a Chigayo ankamuti abwana. Iye ankawati amalume paliponse.

"Amalume, lero ndi Lachitatu," iye anatero ataima pakhomo, foni ili m'manja. "Makapu mazana awiri a kuhotela aja akufunika Loweruka. Tikalephera apita kwina, ndipo sabweranso. Popanda iwo uvuni uno uzima."

A Chigayo anazimitsa mgolo. Anatsanulirako phala mu ndowa. Anaviika chala, n'kutembenukira kukhoma. Analuma. Anatsinzina nthawi yaitali kuposa kale.

"Lasalala," anatero, milomo ili pafupifupi yotseka.

A Phulusa, wootcha makapu, anawayang'ana cham'mbali. Awiriwa analowa ntchito chaka chimodzi, ndipo chiyambire sanasiye kunyogodolana.

"Akulu, chibwerereni kutchuthi kuja mukuyankhula ngati mwavumata madzi. Kuseka mwasiya. Kodi alamu akuthawani?"

"Samala za moto wako, iwe."

Anapaka makapu khumi oyesera. Lachinayi m'mawa anatuluka mu uvuni. Kuwala ankawala ndithu, koma pogwira anali okhakhala. A Phulusa anathira tiyi m'kapu imodzi, namwa, n'kudzigwira pachibwano.

"Abwana, kapu iyi yandimeta ndevu."

"Musaseke, a Phulusa."

"Sindikuseka ayi. Tiwapatse akalipentala azisalazira matabwa."

Abwana anayendetsa chala m'mphepete mwa kapu, kenaka anayang'ana amalume awo. Zoterezi zinali zisanachitikepo. A Chigayo anati mwina magetsi anafooka. Kenaka anati miyala ya masiku ano njouma mutu. Anabwezera phala mu mgolo n'kuyatsa.

Tsiku lonselo mgolo unalira. Ola lililonse a Chigayo ankazimitsa, kuviika chala, kutembenukira kukhoma.

"Silinafike."

Masana: "Silinafike."

Poweruka: "Latsala pang'ono."

Lachisanu m'mawa abwana anabwera osanyamula foni. Anaima pafupi ndi ndowa, manja ali m'chiuno.

"Amalume, makapu akapanda kulowa mu uvuni pofika masana, mawa sazizira. Ndiuzeni chimodzi, inde kapena ayi. Ndipo musayang'ane kukhoma. Yang'anani kuno."

A Chigayo anaviika chala. Anapaka. Analuma. Sanamve kanthu. Analumanso mwamphamvu, thukuta lili kamukamu. Anasuntha nsagwada kumanzere, kenaka kumanja. Apo chinthu choyera chinatumphuka m'kamwa mwawo, n'kugwera mu ndowa kuti chubwi.

Onse atatu anasuzumira. Pamwamba pa phala panangotsala timathovu.

"Mayo ine," anatero a Phulusa. "Akulu, mwagwetsa kumwetulira konse."

A Chigayo anatseka pakamwa ndi dzanja, nakhala pansi pa thumba la miyala. Popanda mano, masaya analowa m'kati. Anaoneka okalamba ndi zaka khumi.

"Amalume, n'chiyani chimenechi?"

Anafotokoza movutikira, mawu akutuluka ndi mphepo. Tchuthi chija sanapite kukaona abale. Anali kwa dokotala wa mano. Zaka makumi atatu zoluma miyala zinali zitawapera mano mpaka kufika pa nkhama. Dokotala anazula zotsalira zonse, n'kuwaikira ochita kupanga. Okongola, ofanana ngati a mwana. Koma osamva kanthu. Mchenga ndi mafuta, kwa iwo zinali chimodzimodzi.

"Nanga bwanji osanena?"

"Ndikanati chiyani? Bambo ako anandilemba ntchito chifukwa cha mano. Ukanati madala akapume. Kunyumba ndikatani ine? Azakhali ako amandithamangitsa ngakhale Lamlungu."

Abwana anapuma mozama. Anayang'ana wotchi yapakhoma.

"Chabwino. Sefa ija ili kuti?"

A Phulusa anatsokomola. "Yosalala kwambiri ija? Tinkasefera tiyi. Inabooka chaka chatha."

"Ndiye lumani inuyo."

A Phulusa anayasamula. Munali mano anayi, awiri m'mwamba, awiri m'munsi. "Onani nokha, abwana. Alipo, koma sakumana. Anadana kalekale."

Kenaka abwana anatenga kansalu m'thumba, napukuta zofiira zonse pamilomo. Anapinda mkono wa bulauzi, n'kuviika chala mu ndowa. Analuma, nkhope itakwinyika.

"Ndiye ndimve chiyani? Ine ndikungomva dothi."

A Chigayo anaimirira msangamsanga.

"Wapaka lambiri, iwe. Lavula. Kadontho chabe. Pa mano akutsogolo. Tsopano khala chete."

Anaika khutu pa tsaya la mwana wa mlongo wawo, natsinzina.

"Luma. Pang'ono, si fupa limenelo. Sunthira kumanzere."

Kherere.

Kanali kaphokoso kakang'ono zedi, koti mwini manowo sanakamve. A Chigayo anakamva. Maso anawala.

"Kamchenga kalipo, koma kakufa. Ola limodzi."

Asanabwezere phala mu mgolo, a Phulusa anapisa dzanja mu ndowa navuula mano aja, ali mbuu. Anawakweza m'mwamba.

"Apakika kale bwinobwino. Ndiwaike mu uvuni pamodzi ndi makapu? Atuluka owala, alamu akudabweni."

"Bweretsa kuno, mfiti iwe!"

Ola litatha, abwana anabwera okha osaitanidwa. Chala, kadontho, khutu pa tsaya. A Phulusa anasiya ngakhale kupuma.

Kunali zii.

"Zimitsani," anatero a Chigayo. "Lasalala."

Loweruka makapu anatuluka oterera ngati sopo wonyowa. A Phulusa anamwera imodzi, nanena kuti ndevu zonse zilipo. Galimoto ya kuhotela inanyamula mazana awiri aja nthawi isanakwane.

Lolemba abwana anabwera ndi sefa yatsopano m'katoni. Anaipachika pa msomali pafupi ndi mgolo, nachenjeza a Phulusa kuti ikangonunkha tiyi aona zakuda. A Chigayo anangoiyang'ana cham'mbali. Anavula mano, nawaika m'kapu yokhakhala ija, n'kuyatsa mgolo.

Cha m'ma teni anagogoda pa chitseko cha ofesi.

"Abwana, mukufunika ku mgolo."

"Amalume, sefa ilipo tsopano."

"Ilipo. Koma ndani aiyese ngati ikunena zoona?"

Abwana anawayang'ana kanthawi. Kenaka anatsegula kabati, natenga kansalu, n'kuyamba kupukuta milomo.