Khonde Losazira

Khonde la amayi ku Bembeke linali lakuda bii. Loweruka lililonse ankalizira ndi dothi la kudambo, atagwada, akubwerera cham'mbuyo, dzanja likuzungulira ngati akusisita msana wa khanda. Likamauma linkanunkhira mvula yoyamba. Pamenepo tinkasendera mbatata, pamenepo tinkalukirana tsitsi, pamenepo mapazi ankazizirira dzuwa likaswa mtengo.

Akamaliza kuzira ankapingasa nsungwi pakhomo, kuti wotuluka adziwe kuti pansi m'ponyowa. Maondo awo atayamba kukana, ntchitoyo inagwera ine. Dothi ndinalidziwa, kazungulidwe ka dzanja ndinakadziwa. Nsungwi ndiyo ndinaiwala, m'mawa umodzi wokha. Amayi anatuluka ndi lichero la nyemba, phazi linaterereka, nyemba mbwee bwalo lonse.

Papita miyezi inayi. Fupa la m'chiuno linalumikizana, ndipo kuchipatala anati akapanda kuyenda miyendo idzauma. Koma amayi amafika pachitseko ndi ndodo yawo, amayang'ana pansi, n'kubwerera pabedi.

Ndimawasambitsa. Ndimawatembenuza. Ndimataya ndowa anthu asanayambe kudutsa, ndimachapa zitenje, ndimawadula zikhadabo. Odzazonda amati mwayi wake Feliya sali pantchito. Achimwene akaimba foni kuchokera ku Lilongwe amati tingoikapo simenti, nkhani ithe.

Khondelo sindinalizirenso. Linachita ming'alu, fumbi mbuu, nkhuku zikufukula m'mbali mwa khoma.

Dzulo amayi anaima pachitseko nthawi yaitali. Ine ndinkati ndi mantha aja.

"Feliya, anthu akamadutsa apa sakumafunsa kuti maliro anachitika liti?"

Ndinawauza kuti ndikuopa angagwenso. Ndinawauzanso chimene sindinanenepo chigwereni, kuti amene anawagwetsa ndine. Anayang'ana ming'alu ija.

"Ndikudziwa. Ndiye ulange khonde? Kakumbe dothi."

Lero ndazira. Iwo anakhala pampando m'kati mwa khomo, akulozera ndi ndodo pomwe ndadumpha, akuti madzi ndachulutsa, akuti dzanja langa n'lolemera ngati la malemu bambo. Dzuwa litapendeka, khonde litauma, anandigwira phewa. Zala zawo zinandilowa m'thupi. Phazi limodzi linatsika, linapapasa pansi, linakhazikika. Kenako linzake. Mapazi atatu okha kufika pa nsanamira, koma tonse awiri tinali wefuwefu.

Anatsamira nsanamirayo, akuyang'ana bwalo limene sanalione chiyambire chisanu.

"Pakona apo sipanakhute dothi," anatero. "Loweruka udzabwerezepo."