Zipolopolo za a Wendell

"Ibwezere m'kabati, Royce," anatero mayi Lorna, osatembenuka pamene ankatsuka mbale zimene anansi anabweretseramo chakudya.

Koma mwana wawo wamwamunayo anali atainyamula kale mfuti ya m'manja ya bambo ake, ya kagudumu ka mabowo asanu ndi limodzi ija. A Wendell anali ataikidwa m'manda dzana lake. Pa famu yawo ya ng'ombe ku Wyoming, mwamuna akamwalira ana ake ankawomba mfuti yake cha kumapiri mpaka zipolopolo kutha.

"Agogo tinawawombera, Amayi. Nanga Bambo alakwanji?"

Alakwanji! Mayi Lorna anafinya kansalu kotsukira mpaka zala kuwawa. Chichitikireni maliro, m'maso mwawo munali gwa, ndipo azimayi a kutchalitchi anali atayamba kale kutsinana. Akanawauza chiyani? Kuti chaka chatha, dzuwa likuswa mtengo, m'khitchini momwemo, mwamuna amene anakhala naye zaka makumi anayi anawafunsa kuti, "Ndinu ndani m'nyumba mwanga?" n'kuwalozetsa mfuti pachifuwa, n'kukhethemula? Inangoti khe! Sinawombe. Anali matenda oiwala aja, inde, koma chala chinali chawo. Mayi Lorna anaibisa mfutiyo, a Wendell n'kugubuduza nyumba masiku awiri osadya, mpaka mayiwo anangoibweza. Sanauze munthu. Kuyambira tsikulo loko wa chitseko akati khe, ankacheuka kuyang'ana kumene kuli mfutiyo. Angamulire bwanji munthu amene anatsala pang'ono kuwapha?

Royce anatulutsa m'thumba kabokosi ka zipolopolo zazitali kamene anagula m'tauni. Marlys, mlongo wake wamkulu, amene anakula akuthandiza bambo awo kudzaza zipolopolo m'shedi, anamulanda.

"Iwe, mutuwo uli bwino? Zazitalizi Bambo anasiya kalekale, nyamakazi itawagwira manja. Ankawombera zazifupi, zosakankha kwambiri, ndipo zimenezo zimasiya mwaye m'mabowomo. Ukakakamizamo zazitali usanatsuke, zala zako tikazitola mu udzu."

"Wayambatu uphunzitsi wako."

"Ndiwe wam'tauni, sudziwa kanthu. Womba zimene zilimozo."

Anapita kuseri kwa khola. Mayi Lorna anawatsatira atavala chikhoti cha malemu, osadziwa chimene chikuwakoka. Mphepo inkalasa m'mafupa. Royce anavula chipewa, n'kutambasula mkono kuloza kumapiri.

Khe!

Mayi Lorna anagwira mtengo wa mpanda. Fungo la khofi wa tsiku lija linawabwerera m'mphuno, pamodzi ndi maso aja osazindikira munthu.

"Usaitembenuze!" anakuwa Marlys. "Loza komweko, uwerenge mpaka makumi atatu. Nthawi zina chimachedwa kuphulika."

Anawerenga. Zii. Anakhethemulanso: khe! Kachitatu: khe!

"Basi! Ndati basi!" Mawu a mayi awo anatuluka mwachilendo moti ana onse awiri anacheuka.

Marlys anatenga mfuti ija, n'kutsegula kagudumu, n'kukhutulira zipolopolo m'dzanja lake. Anaziyesa kulemera, n'kuona kuti n'zopepuka. Anatembenuza chimodzi n'kuchikanda ndi chikhadabo kumbuyo, pamene pamakhala kachitsulo koyatsa wonga.

"Uyu ndi labala," anatero chapansipansi. "Labala wofufutira wa kupensulo. Amayi, mwaikamo ndinu?"

"Ine ndi zinthu zimenezo, wapi ndi wapi?"

 Marlys analunjika kushedi, enawo pambuyo pake. Munkanunkhabe mafuta ndi fodya wa a Wendell. Pa alumali panali mabokosi oposa makumi awiri, ondandalikidwa bwinobwino. Anatsegula loyamba: labala. Lachiwiri: labala. Anakanula chipolopolo chimodzi ndi pulayala n'kuchigogoda patebulo, osatuluka kanthu. Royce anatsitsa chitini cha wonga n'kupendeketsa. Munatuluka mchenga wa kumtsinje, wosefedwa, wodetsedwa ndi makala.

"Zonsezi ndi ntchito ya milungu ingapo," anatero Marlys. "Bwanji Bambo osangotaya mfutiyo?"

"Akanakagula ina," anatero Royce. "Ukuwadziwa Bambo."

Mayi Lorna anatenga bokosi limodzi n'kuliyandikiza kuwindo. A Wendell sankadzaza zipolopolo osalemba tsiku. Ngakhale pa ng'ombe yobadwa kumene ankalemba. Zilembo zinali zowongoka, za munthu amene mutu unali kugwirabe. Mwezi wake unali wa Marichi, zaka zitatu zapitazo. Mayi Lorna anaukumbuka bwino mwezi umenewo. Dokotala atawauza za matenda oiwala aja, iwo ndi amuna awo anabwerera osalankhulana njira yonse, ndipo bamboyo anayamba kudzitsekera m'shedi tsiku ndi tsiku. Mayiwo anakwiya, n'kumati munthu uyu akuthawa nkhani, akusiya mkazi wake yekha ndi chisoni.

Pansi pa tsikulo panali mawu a zilembo zikuluzikulu, odulidwa mzere kunsi kwake kawiri: ZAMPHAMVU KWAMBIRI. ZAKWANIRA, WENDELL, USAGULENSO ZINA.

Anayang'ana bokosi lina, ndi linanso. Onse analembedwa chimodzimodzi. Mwamunayo anakhala pampando uwu, akudziwa munthu amene adzasanduke, n'kumutchera bodza mwakachetechete.

"Amayi, bwanji?" anafunsa Marlys. "Chinachitika n'chiyani?"

Mayi Lorna anakhala pampando wa amuna awo. Ngodya ya kapepala ka pabokosi inali itamatuka, ndipo anaikanikiza ndi chala chachikulu mosamala, kuti imatirirenso.

"Abodza inu," ananong'ona. "Nkhalamba yabodza inu, osandiuza bwanji?"

Kenako analira, kulira kwenikweni kwa namfedwa, mpaka agalu kukhola anayamba kuuwa.