Nati ya Silinda Yachitatu

Mkazi wa Kaputeni anadikira kuti mwamuna wake alowe m'bafa, n'kutuluka ndi sipanala m'thumba la diresi. Kuseri kwa nyumba kunali chisitima choyenda pansi pa madzi, chomwe Kaputeni anawotcherera yekha kuchokera ku thanki yakale ya mafuta. Dzina la Kaputeni anamupatsa ndi aneba pomuseka, iye n'kulikonda.

M'kati mwake munali masilinda atatu a mpweya, aja amabereka anthu osambira pansi pa madzi, olumikizidwa ndi paipi imodzi. Mayiyo anagwira nati ya silinda yachitatu n'kuimasula pang'ono chabe. Ankatero nthawi zonse lole yonyamula sitimayo ikaitanidwa. Mwamuna wake ankatsegula mavalavu, kutchera khutu, kumva mpweya ukuthawa, basi ulendo wa kudamu walephereka. Chinyengo ndithu, koma umasiye ankauopa kuposa tchimo.

Kaputeni anabwera atavala malaya oyera, n'kudzipanikiza m'sitimamo. Anatsegula silinda yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Mpweya unayamba kulira kuti tsiii, moti ngakhale galu anadzutsa makutu. Mkazi uja anaima pakhomo la chitsulolo kudikira mawu a masiku onse aja akuti zakanikanso.

Koma bamboyo anangokhala duu, khutu lili papaipi. Zaka zonse zokhoma zitsulo ali m'kati mwa thanki zinali zitamudya makutu pang'onopang'ono, ndipo m'nyumba ankangoti ndi mwano wa ukalamba.

"Kuli zii," anatero Kaputeni. "Mpweya sukuthawa."

Mayiyo anaona ngozi. Munthuyu akalowa m'madzi chonchi, mpweya umuthera ali pansi, ndipo womupha akhala iyeyo.

Kaputeni sanasangalale. Anatembenuka n'kumuyang'ana mkazi wake nthawi yaitali, misozi ikulengeza m'maso.

"Mayi, lero simunamasule?"

"Mukuti chiyani, bambo?"

"Nati yanu ija. Mumayesa sindidziwa? Sipanala mumaibweza pamalo polakwika." Anayesa kuseka koma zinakanika. "Ndikamva ukuthawa ndinkati, ayi, akundifunabe m'nyumba muno. Ndiye lero mwatopa nane, eti?"

"Ndamasula," anatero mayiyo.

"Mwati?"

"Ndamasula, bambo a ana!"

Bamboyo anangoyang'ana milomo yake, osatolapo kanthu. Kumsewu lole inaimba hutala, ndipo nayonso sanaimve.

Mayiyo anakwinya diresi n'kulowa m'chisitima chomwe ankadana nacho ngati mkazi mnzake. Munali mothina, monunkha dzimbiri ndi girisi. Anagwira dzanja la mwamuna wake, lokhakhala ndi zipsera za moto, n'kuliika pa nati ija.

Kamphepo kozizira kanawomba pakati pa zala zake. Kaputeni anatseka maso, misozi n'kutsika mpaka m'ndevu.

"Mpweyawu ukulira kwambiri?" anafunsa motsitsa mawu.

Mkazi wake anagwedeza mutu kuvomera.

"Musamange kaye," anatero Kaputeni, osachotsa dzanja. "Ndiumveko pang'ono."