Pulogalamu Yopanda Azakhali

Laibulale ya pa tchalitchi cha anthu ochokera kuzilumba za Tonga, kumadzulo kwa mzinda wa Sydney ku Australia, inali kachipinda kamodzi kuseri kwa holo, ndipo mabuku ake ankatha ngati shuga wa pamaliro. Munthu akabwereka buku, ndiye kuti lapita. Kukalilonjerera kunali kovuta, poti mumpingomo aliyense anali m'bale wa mnzake, ndipo amene ankasunga mabuku nthawi yaitali anali akuluakulu omwewo.

Lesieli, amene ankasamala mabukuwo akaweruka kuntchito kwake kuchipatala, zinamukwana. Kutatsala milungu yochepa kuti akwatiwe ndi Manase, woyendetsa basi, anapita kumsonkhano wa komiti atanyamula laputopu yake.

"Pali mapulogalamu awiri a pakompyuta, abusa," anatero. "Onse ndi aulere, ndiponso ndi otseguka. Aliyense angathe kuwatenga n'kuwasintha mmene akufunira."

"Zaulere ine ndimaziopa, mwanawe," anatero abusa Penisimani akusisita dazi lawo. "Kusiyana kwake n'kotani?"

"Yoyambayi imangosunga mayina a mabuku ndi a obwereka. Yachiwiriyi, buku likachedwa, imatumiza yokha uthenga pafoni ya munthuyo."

"Yokha? Popanda ine kukaima pakhomo pa munthu ngati wopempha mchere? Aa, tenga yomweyo!"

Komiti yonse inafa nalo phwete, ndipo nkhani inathera pomwepo. Lesieli anasangalala. Anadziuza kuti makina alibe manyazi, ndipo sanaganize kuti vuto lake lingakhale lomwelo. Loweruka analowetsa mu laputopu zonse za pamakadi akale a obwereka mabuku, zala zikuthamanga koma mutu uli pa diresi laukwati. Atamaliza anadina batani n'kupita kwawo.

Lamulungu m'mawa Lesieli anapeza pabwalo la tchalitchi pali zii. Azibambo anaima m'timagulu, timphasa ta ulemu timene anthu a ku Tonga amavala tili m'chiuno, aliyense maso ali pafoni. Mayi ake, amene anafika m'mamawa kudzayatsa moto wa nkhumba ndi zilazi, anamukokera kuseri kwa galimoto.

"Iwe Lesieli, wazungulira mutu?"

"Ndatani, amayi?"

"Watani? Werenga uthenga uwu! Anditumizira eni ake."

Uthengawo unali wachidule: "Kalolaine, bwezani msanga buku la mapemphero a odwala limene munabwereka. Nthawi yake inapitirira. Lesieli."

Kalolaine anali azakhali a Lesieli, mlongo wa malemu bambo ake. Pamwambo wa ku Tonga, azakhali otere satchulidwa dzina lokhalokha, salamulidwa, ndipo akalowa m'nyumba ya mwana wa mchimwene wawo n'kukonda chinthu, amangonyamula. Kuwaitanitsa n'chimodzimodzi kuwatukwana. Paukwati ndiwo amakhala pampando wapamwamba, ndipo mphasa yabwino koposa imapita kwa iwo. Akakana kubwera, ukwatiwo umakhala wamasiye, ndipo anthu amaunena mpaka kuzilumba.

"Ukwati wako wauponda wekha," anatero mayi ake.

Ulaliki wa tsikulo Lesieli sanaumve. Ankangoona msana wa azakhali ake kutsogolo, ali m'zovala zakuda zimene sanavule chimwalirire mchimwene wawo chaka chatha. Mapemphero atatha anathawira mu laibulale, koma posakhalitsa chitseko chinatseguka. Azakhali analowa n'kukhala pampando wake. Lesieli anakhala pansi, pa simenti.

"Pepani, azakhali. Sindinalembe ine, ndi pulogalamu."

"Pulogalamuyo dzina lake ndi Lesieli?"

"Ayi, imangoika dzina la amene akusamala mabuku."

"Ili ndi azakhali?"

"Ilibe."

"Zikuoneka."

Azakhali anayang'ana mashelefu.

"Bukulo ukulifuna lero lomwe?"

"Ayi, azakhali, likhale, chonde."

"Likhaladi. Ndinkawawerengera bambo ako kuchipatala kuja, iwe ukuthamanga ndi odwala ena. Tsiku lomaliza analigwira pachifuwa osafuna kulisiya. Ndinaliika m'bokosi ndi manja angawa. Ndiye uza makina akowo atenge fosholo, akalitenge kumanda."

Zimenezi Lesieli sankazidziwa. Pamaliro paja azakhali ndi amene anakhala kumutu kwa bokosi, iye ali pakati pa gulu, maso atatupa. Ndiye kuti dzulo, ndi chala chake chomwe, anakalonjerera buku kwa bambo ake ali m'nthaka. Anachita manyazi ndi chisoni nthawi imodzi, ndipo analira ngati kuti maliro achitika m'mawa womwewo.

Azakhali sanamutonthoze. Anasendeza laputopu ija pafupi, n'kuiyang'ana uku ndi uku.

"Abusa akuti zili m'menemuzi n'zaulere. Akuti aliyense angathe kutenga."

"Eee, azakhali, pulogalamu yake ndi imene..."

"Ndaikonda."

Anaitseka, n'kuikupatira m'khwapa, chingwe chake chikulendewera. Abusa Penisimani, amene ankamvetsera pakhomo akunamizira kufuna makiyi, anatong'ola maso.

"Koma mayi, mabuku onse a mpingo ali m'menemo!"

"Mabuku ali pashelefupo, abusa, ndikuwaona. Kapena nanunso mukufuna kunditumizira uthenga?"

Abusa anapatuka msangamsanga. Laputopuyo inali ya Lesieli, yogula yekha, ndipo ntchito yonse ya Loweruka inali kutuluka pakhomo m'khwapa mwa mayi amene sankadziwa n'komwe poyatsira pake.

Atafika pakhomo, azakhali anacheuka.

"Mphasa yanga ya paukwati ikhale yosalala ija ya agogo ako. Zokhakhala zogula kumsika usandiyalire. Ndipo umuuze wa basi wakoyo amete, asadzaime pafupi ndi ine ndi ndevu zimene zija."

Pamenepo mpamene Lesieli anamvetsa. Azakhali satenga chinthu cha mwana amene amutaya. Anapukuta misozi ndi nsonga ya kamphasa kake, n'kuwathamangira panja, chifukwa azakhaliwo anali ataiwala chikwama chonyamulira laputopuyo.